Akuti mugwirizire kaye timu? Tamverani za Gilbert Agius wa ku Malta

Pa makalata amene alowa mu imelo yanga mwezi uno, pali imodzi yomwe ndaiwerenga mobwerezabwereza. Wailemba ndi kaputeni wa timu ina ya m'ligi yaing'ono, ndipo wapempha kuti dzina lake ndi la timu yake zisatuluke. Bondo layamba kumukana, kochi wawo wasiya ntchito ligi ili mkati, ndipo akomiti amuuza kuti agwirizire kaye mpaka apeze munthu. Akufunsa kuti avomere kapena akane.

Achimwene, ndikuyankhani ndithu. Koma mwandiponda pachilonda, ndiye mupirire, ndizungulira.

Ndiyambira kutali, ku Malta. Kameneka ndi kadziko ka zilumba pakati pa nyanja ya Mediterranean, kumwera kwa Sicily, kakang'ono moti masikweya kilomita ake ndi 316 basi, ndipo anthu ake angopitirira pang'ono theka la miliyoni. Mzinda wa Lilongwe wokha uli ndi anthu ambiri kuposa dziko lonselo. Ufulu anaulandira kwa Angerezi chaka chimodzi ndi Malawi, 1964, ife mu July iwo mu September. Koma mpira anauyamba kale kwambiri. Bungwe lawo la mpira linakhazikitsidwa mu 1900, ndipo ligi yawo inayamba mu 1909. Kunja amadziwika ndi kukwapulidwa. Akuluakulu amakumbukirabe December 1983, pomwe Spain inkafunika kupambana mosiyana zigoli 11 kuti ipite ku mpikisano wa mayiko a ku Ulaya, n'kuwathira a Malta 12 kwa 1 ku Seville.

Ine mpira wa kumeneko ndinayamba kuutsatira chifukwa cha manyazi. Mu September 2007, Coventry City inapita ku Old Trafford mu League Cup n'kukaswa Manchester United 2 kwa duu. Zigoli zonse ziwiri anamwetsa ndi kamnyamata kafupi, kaliwiro ngati kaba nkhuku, dzina lake Michael Mifsud, amene anthu ankamutcha Mosquito, kutanthauza udzudzu. Ine ndine wa United kuyambira kale, ndiye anzanga a Arsenal ndi Liverpool ankati akandiona akungodziomba m'manja pafupi ndi khutu langa, akuti akundiphera udzudzu. Ndinalowa mu intaneti cafe kuti ndione kuti kamunthu kameneka n'kakuti. Ndinapeza kuti n'ka ku Malta, ndipo kuchokera pamenepo ndakhala ndikusuzumira zotsatira za ligi yawo ngati kuti ndili ndi m'bale kumeneko. Mifsud anadzamaliza ndi masewero 143 ndi zigoli 42 m'timu ya dziko lake, ndipo palibe wa ku Malta amene wamuposa. Koma amene anandikoka mtima si iyeyo ayi. Ndi Gilbert Agius.

Agius anabadwa mu 1974 mumzinda wa Valletta, likulu la dzikolo, ndipo pafupifupi moyo wake wonse wa mpira anasewerera timu ya kwawo komweko, Valletta FC, ya makaka oyera. Anatulukako kanthawi kochepa kupita ku Pisa ku Italy, n'kubwerera. Analipo pomwe Valletta inkatenga ligi zaka zitatu zotsatizana, 1997, 1998 ndi 1999. Analipo mu nyengo ya 2000/01 pomwe timuyi inasesa zikho zonse zisanu ndi chimodzi zomwe zinalipo m'dzikomo, osasiyirako anzawo ngakhale kasupuni. Analipobe, tsitsi litayamba kuthawa pamphumi, pomwe inatenganso ligi mu 2008, 2011 ndi 2012. Anasankhidwa katatu kukhala wosewera wabwino kuposa onse m'dzikomo, anavala lamba wa kaputeni ku Valletta ndi ku timu ya dziko, ndipo dziko lake analisewerera pafupifupi ka 120. Munthu ngati ameneyu ku timu yake salinso wosewera chabe. Ana amene anayamba kumuonera atanyamulidwa pamapewa a abambo awo anadzasewera naye m'timu imodzi.

Kuti mumvetse kulemera kwake, muyenera kudziwa kuti Valletta ndi kamzinda ka m'malinga, koti mutha kukadutsa wapansi musanamalize kudya chimanga chootcha. Mukangotuluka pachipata mwafika ku Floriana, kwa adani awo a makaka obiriwira. Matimu ambiri alibe bwalo lawolawo lochitirapo masewero a ligi, amabwerekana mabwalo ochepa omwe alipo, ndipo lalikulu ndi la Ta' Qali. Osewera ambiri a nthawi ya Agius ankagwira ntchito zina masana n'kumapita ku tereningi madzulo, monga mmene inu mukuchitira. Valletta ikatenga ligi, masapota amachita "maliro": amanyamula mabokosi opakidwa makaka a matimu anzawo n'kumazungulira nawo m'misewu, bandi ikuimba. Ndiye kochi wa kumeneko akagonja Lamlungu, Lolemba amakumana ndi omutukwana pogula buledi, ndipo mwina wogulitsa bulediyo ndi msuweni wake. Mukuzidziwa zimenezi, achimwene. Kwanuko n'chimodzimodzi.

Atasiya kusewera, Agius analowa m'gulu la aphunzitsi ku Valletta komweko, ngati wothandizira. Makochi ankabwera n'kumapita, iye ali pomwepo, ndipo zikavuta ndi iye amene ankauzidwa kuti agwirizire. Chachikulu chinachitika mu 2019. Ligi itatsala pang'ono kutha, kochi wa ku Serbia, Danilo Dončić, anasiya ntchito, timu ikulimbirana chikho ndi Hibernians. Anamupatsa Agius. Matimu awiriwa anamaliza ali ndi mapointi ofanana, ndipo malamulo a kumeneko ankati zikatero sawerengera zigoli, mukakumane pabwalo. Anakumana ku Ta' Qali mu May, analepherana, mpira unapita ku mapenate, Valletta inapambana. Chinali chikho cha ligi cha nambala 25 m'mbiri ya timuyo, ndipo amene anaima pamzere tsiku limenelo anali wogwirizira.

Nyengo itatha, Valletta inalemba ntchito Darren Abdilla kukhala kochi wamkulu. Agius anabwerera pampando wake wakale.

Apa ndiye pondipweteka ine, chifukwa mpando umenewo ndinaukhalapo, ngakhale wanga unali wa njerwa zosanjikiza. Ndinkasewera kumbuyo m'timu ya kwathu, ya m'ligi yaing'ono ngati yanuyo. Kochi wathu anatopa ndi kulonjezedwa, tsiku lina sanabwere ku tereningi, ndipo tinamva kuti wapeza ganyu kwina. Usiku womwewo wapampando anafika kunyumba kwanga ndi thumba la mipira, mabibu onunkha thukuta ndi wezulo. Anakhala pakhonde, mayi a kunyumba anamupatsa tiyi, iye n'kuyamba: "Inu ndinu mwana wa pakhomo pano. Anyamatawa amakumverani. Tigwirireni kaye, zikakhala bwino tikambirana." Za malipiro sanatchule. Za tsiku lomaliza sanatchule. Ndipo mmene amayankhulira munthu wamkulu atakhala pakhonde pako, kufunsa za ndalama kumaoneka ngati kumutukwana.

Timu inali pansi penipeni, chikwanje chitatiyang'ana. Za mmene tingaseweretsere anyamata sizinandivute kwenikweni, chifukwa ndinkadziwa amene amatha mpweya msanga, amene amagona ku mowa Lachisanu, amene amaopa kudumphira mpira wam'mwamba. Chimene palibe anandiuza n'choti zonsezi ndinazidziwa ngati mnzawo, ndipo tsopano ndizigwiritsa ntchito ngati bwana wawo. Anyamata anazindikira msanga kuposa ine. M'minibasi popita kosewera, kumbuyo kumene ndinkakhala kale, nkhani zinkangozima ndikatembenuka. Ena anayamba kunditchula kuti "kochi" ndi kamawu kokoka, kosonyeza kuti akuseka. Ena anapitiriza kunditchula dzina langa lamasewera pamaso pa osewera atsopano, dala, kuti aone ngati ndiwaletse.

Ndiye panali goloboyi wathu. Ameneyu tinakulira limodzi, tinkafunda bulangeti limodzi tikagona m'kalasi ku masewero akutali, ndipo pa ukwati wake ndi ine ndinamuimirira kumbuyo. Maso ake anali atayamba kuchedwa. Mipira yomwe kale ankaigwira akuseka inkamudutsa pansi pa mkono, ndipo panali kamnyamata ka Fomu 3 komwe pa tereningi kankatulutsa chilichonse. Tsiku lomwe ndinamuchotsa, maina ndinalemba kuseri kwa katoni ya sopo n'kuiika pamwala pomwe tinkavalira. Anawerenga kuchokera pamwamba, sanafike ndi pa dzina lachiwiri lomwe. Anavula magolovesi pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kuwapatsa kamnyamatako yekha m'manja, popeza timu yonse inali ndi peyala imodzi. Kenako anakakhala kumapeto kwenikweni, nsana atandilozetsa. Tinapambana tsiku limenelo. Mkazi wake anasiya kupereka moni kwa mayi a kunyumba kumsika, ndipo kutchalitchi tinayamba kukhala mbali zosiyana.

Tinapulumuka m'ligi. Masapota anandinyamula m'mwamba mpaka nsapato imodzi inasowa. Kupulumukako kunakopa munthu wina wabizinesi kuti aike ndalama m'timu, ndipo ndalama zitangolowa akomiti anakumbukira kuti timu yofuna kukwera imafunika kochi wa mapepala. Anamutenga m'tauni, anamulipirira nyumba, anamupatsa malipiro a pamwezi omwe ine sindinawaonepo ndi kamodzi komwe. Nkhaniyi sindinaimve kwa wapampando amene anamwa tiyi pakhonde langa. Ndinaimva kwa mnyamata wopopa mipira. Kenako anadzandiitana n'kundiuza kuti andikweza, ndikhala manejala wa timu, kutanthauza kuti wowerenga majezi, wogula mabanzi ndi Sobo, ndi wokangana ndi dalaivala wa minibasi. Kochi watsopanoyo anali munthu wabwino, ntchito ankaidziwa, ndipo pagolo anaikapo kamnyamata ka Fomu 3 komwe kaja. Udani ndi mnzanga ndinalipira ine, phindu anadya wina.

Poyamba ndinkati akomiti anali anthu oipa. Masiku ano ndimaona kuti anangochita zomwe makomiti onse amachita, kuyambira pabwalo lafumbi mpaka ku Ta' Qali. Timu ikamamira, amafuna munthu woti masapota sangamugende, woti osewera sangamuukire poyera, ndiponso woti safuna ndalama zambiri chifukwa amaikonda timuyo. Munthu ameneyo ndi kaputeni wakale. Zinthu zikakhala bata amafuna munthu woti angamuchotse popanda kulira kwa aliyense, ndipo ameneyo sangakhale mwana wa pakhomo. Choncho chikondi chanu pa timu ndi chimene akugula, ndipo akuchigula motchipa chifukwa akudziwa kuti simungachigulitse kwina. Ndikamalemba izi mtima ukutentha, ndiye ndingonena mosabisa: kuuza munthu kuti agwirizire popanda pepala, popanda tsiku, popanda malipiro, ndi kuba. Kaya akuba akumwetulira, kaya akukutchulani kuti mwana wathu, ndi kuba basi. Mphunzitsi wa sukulu akamagwirizira uhedi pamakhala kalata. Bwanji pa mpira tizigwirira ntchito malonjezo a pakhonde?

Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa mpira mwambi umenewu tinaumeza wonse ndi chikopa chomwe. A ku Malta nawo anaumeza. Taonani amene aphunzitsa timu ya dziko lawo zaka zapitazi: Pietro Ghedin, Devis Mangia, Michele Marcolini, onsewa a ku Italy. Pakati pawo panadutsanso munthu amene ife tikumudziwa bwino, Tom Saintfiet wa ku Belgium. Ndi yemwe uja anabwera ku Flames mu 2013, tinapita naye ku Calabar, Nigeria inatikwapula 2 kwa duu, iye n'kunyamula chikwama. Mu 2017 anatulukira ku Malta, ndipo mu April 2018 anali atachotsedwa kale atangotsogolera masewero atatu. Musandimve molakwa, munthuyu ntchito amaitha. Gambia anaitengera ku AFCON, mpikisano wa mayiko a mu Africa, koyamba m'mbiri yake n'kukafika nayo mu ndime ya matimu asanu ndi atatu ku Cameroon. Chomwe ndikunena n'choti iye akalephera pena amakwera ndege n'kukayambiranso pena dzina lili loyera, pomwe mwana wa pakhomo akalephera amakhala nacho chipseracho pamalo pomwe anabadwira, n'kumakumana nacho pa maliro aliwonse.

Saintfiet atachoka, a ku Malta mpando anapatsa Ray Farrugia, wa komweko, amenenso anali wosewera kale. Mu March 2019 anagonjetsa Faroe Islands 2 kwa 1, chinthu chosowa kwambiri kwa Malta pa masewero a mpikisano. Chaka chisanathe bwinobwino mpando unali utabwerera kwa Mtaliyana.

Agius naye zinamutsatira mpaka ku timu ya dziko. Atachoka ku Valletta anapatsidwa timu ya achinyamata osapitirira zaka 21. Kumapeto kwa 2022 timu yaikulu inapezeka ilibe kochi, ndipo mukudziwa kale amene anamuitana. Mu November chaka chimenecho anatsogolera masewero awiri opimana mphamvu. Anafanana mphamvu ndi Greece 2 kwa 2, n'kugonja kwa Ireland 1 kwa duu. Kwa dziko la anthu theka la miliyoni, kuima ndi Greece, yomwe inatengapo chikho cha Ulaya mu 2004, si nkhani yoseweretsa. Patangopita masabata ochepa ntchito inapatsidwa kwa Marcolini. Munthu mmodzi, wogwirizira ku timu ya kwawo, wogwirizira ku dziko lake, konsekonse osachititsa manyazi, konsekonse kubweza makiyi.

Ku Semarang

Kumayambiriro kwa 2023 Agius anachita chinthu chimene makochi ochepa a ku Malta anayesapo. Anasiya kachilumba kake n'kupita ku Indonesia, kukaphunzitsa PSIS Semarang, timu ya m'ligi yaikulu ya dzikolo, pa chilumba cha Java. Semarang yokha ili ndi anthu oposa katatu a dziko lonse la Malta. Kumeneko palibe anamuonapo akumwetsa chigoli. Palibe wosewera amene anagonapo naye chipinda chimodzi, palibe sapota amene anali ndi chithunzi chake pakhoma, palibe wa komiti amene akanamutchula kuti mwana wathu. Chilankhulo chachilendo, kutentha kwachinyontho, maulendo a pandege kuchoka chilumba china kupita china. Chomwe anali nacho ndi tereningi yake ndi zotsatira za Loweruka. Mu nyengo yake yoyamba yathunthu, 2023/24, PSIS inamaliza pa nambala 6 m'ligi ya matimu 18.

Nyengo yotsatira zinthu zinasokonekera. Timu inatsetsereka, anasiyana nayo mu 2025 ligi isanathe, ndipo PSIS inatuluka m'ligi. Wina anganene kuti ndiye phindu lake n'chiyani, si akanangokhala kwawo? Ine ndikuti ngakhale kuchotsedwa kumeneko kunali ndi ulemu kuposa kuwomberedwa m'manja ngati wogwirizira. Anamulemba ngati kochi, anamuyeza ngati kochi, anamuchotsa ngati kochi. Zaka ziwiri ndi miyezi ali pampando umodzi, m'ligi yomwe makochi amasinthidwa ngati masokosi, ndi mbiri yoti angaionetse kulikonse padziko lapansi. Chikho cha 2019 chija, ngakhale chinali chokoma, anthu ena amatha kunena kuti anangomalizitsa ntchito ya Dončić. Za nambala 6 ku Java palibe angamulande.

Tisapite patali, Kinnah Phiri. Tonse timadziwa zomwe anachita ku Bullets ndi ku Flames ali wosewera. Koma pomwe ankapatsidwa Flames mu 2008 anali akuchokera ku Free State Stars ku South Africa, atadziwika kunja ngati mphunzitsi, osati ngati Kinnah wa zigoli uja. Anatitengera ku Angola mu 2010 ndipo tinaswa Algeria 3 kwa duu. Ine ndimakhulupirira kuti akanangokhala pakhomo n'kumadikira kuti amukumbukire, bwenzi akumuitana pokhapokha zikavuta.

Komanso pali bodza lina limene tiyenera kulisiya, loti amene ankasewera bwino aphunzitsanso bwino. Wosewera wamphatso nthawi zambiri sadziwa mmene ankachitira zomwe ankachitazo. Mwendo unkangochita. Akaona mwana akulephera kuimitsa mpira pachifuwa amakwiya, amaulanda, amaonetsa kamodzi, n'kunena kuti "choncho basi." Mwana uja sanaphunzire kanthu, wangoona kuti kochi amatha. Ku Malta wosewera amene anasankhidwa kukhala woposa onse pa zaka 50, pomwe UEFA, bungwe la mpira la ku Ulaya, inkakondwerera kuti yakwanitsa zaka zimenezi mu 2004, ndi Carmel Busuttil, amene anasewera zaka zingapo ku Genk ku Belgium ndi kupitirira masewero 100 m'timu ya dziko. Koma mukafunsa kochi wa ku Malta amene anatola zikho za ligi m'zaka za pambuyo pake, dzina lotuluka ndi la Paul Zammit, amene anatenga ligi ndi Valletta komanso ndi Birkirkara, uku ndi uku, osamangirira mtima pa khomo limodzi. Ntchito ziwirizi n'zosiyana. Ina ndi ya miyendo yako, inayo ndi yoyendetsa miyendo ya anthu ena pogwiritsa ntchito pakamwa pokha.

Za mapepala

Ine kale ndinkanyoza mapepala chifukwa ndi amene anandilanditsa mpando. Koma kochi wa m'tauni uja ndinamuonerera bwino nditakhala pa thumba la majezi. Ankafika ndi kabuku, tereningi yonse ataigawa kale, ndipo palibe mwana ankaima pamzere kudikira mpira. Ife tinazolowera kuthamanga kuzungulira bwalo mpaka lilime litatuluka, kenako kugawana pawiri n'kumenyana mpaka mdima. Iye ankadula bwalo tizigawotizigawo, anayi kwa anayi, asanu kwa awiri, ndipo ankadziwa chimene akufuna pa kagawo kalikonse. Zimenezo sanabadwe nazo, anaziphunzira. Ku Ulaya makwerero ake ndi UEFA C, B, A mpaka Pro, ndipo popanda pepala loyenera sungakhale pa benchi ya timu ya m'ligi yaikulu ngakhale utasewerera dziko ka 120. Kuno ndi a CAF, bungwe la mpira la mu Africa, kuyambira D kukwera m'mwamba, ndipo amachititsa ndi a FAM. Indonesia sikanamutenga Agius chifukwa cha zigoli za mu 1998.

Chinanso chondiseketsa, ngakhale si choseketsa kwa eni ake: mu 2024 Valletta inatuluka m'ligi yaikulu, koyamba m'mbiri yake yonse, patangotha zaka zisanu chitengereni chikho chija. Anthu onyamula mabokosi a anzawo aja ananyamulidwa okha. Inabwereranso chaka chotsatira. Nthawi yonseyo Agius anali ku Java. Akanakhala ali pafupi, ndikulumbira, bwenzi atamugogodera usiku ndi thumba la mipira, ndipo chifukwa cha mtima umene anthu otere amakhala nawo bwenzi atavomera, dzina lake n'kulembedwa pa tsamba loipitsitsa la timu yomwe anaitumikira moyo wake wonse. Nthawi zina kutalika kwa ulendo kumakutetezera kwa abale ako.

Tsono achimwene, vomerani, koma osati pakhonde. Auzeni alembe pepala, ngakhale la pamanja, losainidwa ndi wapampando ndi mlembi, lonena tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndalama ya pamwezi, ndi kuti wosankha timu ndinu nokha. Muikemonso kuti maphunziro oyamba a CAF akalengezedwa akulipirireni ndi iwo. Akakana zonsezi, mwadziwa kale zomwe akanakuchitani ligi ikatha, ndiye kanani mwaulemu. Mukavomera, siyiranitu kusewera tsiku lomwelo ndipo lamba mupatse wina, chifukwa simungadzichotse nokha m'bwalo mwachilungamo. Amene mukufuna kumukhazika pa benchi, makamaka mnzanu, mumuuze nokha dzulo lake, awiriwiri, asakazionere pa katoni. Ndipo ligi ikatha, kaya mwapulumuka kaya mwatenga chikho, yambani kufunsira ku timu ina komwe simunavaleko jezi, ngakhale ikhale ya ana a sukulu.

Za bondolo mwangozitchula modutsa, koma musamalimange ndi bandeji n'kumapaka mankhwala otentha aja. Ngati limatupa mukatha kusewera, kapena limakhala ngati likufuna kuthawa mukatembenuka mwadzidzidzi, kaonetseni kuchipatala kwa a mafupa musanalimalize. Kochi amaima maola awiri tsiku lililonse pa dothi louma, ndipo anyamata anuwo adzafuna kuti muziwaonetsako pena ndi pena.